Nambala ya suti ya aphunzitsi

Ukwati wa mwana wawo wamkazi uyamba pakangotha ola limodzi, koma aphunzitsi a masamu opuma ntchito adakali pamalo ochapitsira zovala, thukuta lili kamukamu. Lisiti ya suti yawo anaitaya, ndipo mayi wa pakauntala si munthu woti n'kumunyengerera.

"Nambala ya lisiti, bambo."

"Ndikuidziwa bwino kwambiri, mayi. Nambala yaulemu wake. Imagawika ndi 2."

"Theka la malisiti anga amagawika ndi 2."

"Ndendende theka! Mwalasa."

"Sindikulemba mayeso ine. Nambala."

"Ili ndi manambala asanu. Mukawaphatikiza akupatsani 25."

"Ine ndimachapa ndi kusita basi. Zophatikiza ayi."

Aphunzitsi anasuzumira mkati, n'kuloza ndi chala. "Suti yake si iyo apo! Yotuwayo! Ndikuiona!"

"Inenso ndikuiona. Nambala."

"Chabwino, chabwino. Pali nambala ina, mukaichulukitsa ndi iyo yomwe, mupeza yangayi."

"Nambala inayo ndi iti?"

"Aaa... nayonso yandithawa."

"Ndiye kuti tsopano mwataya ziwiri."

Foni inalira m'thumba. Atayang'ana n'kuona kuti ndi akazi awo, anaibweza msangamsanga ngati yawotcha.

"Mayi inu, mwana ndili naye mmodzi yekhayu. Ndikaime pambali pake ndi juzi yobooka pachigongono? Pazithunzi adzaziona ndi adzukulu!"

"Zachisoni ndithu," anatero mayiwo, uku akupinda thaulo. "Nambala."

"Koma mukanaidziwa kukoma kwake! Ilibe chibale ndi 3, 5 kapena 7. Muigawe pakati, mugawenso pakati, mpaka ka 16, mutsala ndi 1 cheee, popanda nyenyeswa."

"Ndiye mukudikira chiyani? Yambirani pa 1 pomwepo muzibwerera."

Aphunzitsi anangoti kukamwa yasa. Nzeru zimenezi zinali zisanawafikire. Anatsinzina, milomo ikugwedera, zala zikuwerenga m'malere. "2, 4, 8, 16..." Kumbuyo kwawo mzere unafika pakhomo, koma aliyense anali zii, kuopa kuwasokoneza.

"65536!"

Mayiwo anapita kukayang'ana kapepala ka pakolala, n'kubwera nayo suti, yositidwa bwino, ili m'pulasitiki.

"Nambala ndi yomweyo."

"Ambuye akudalitseni!" Aphunzitsi anatambasula manja onse awiri kuti ailandire.

Mayiwo anaikoleka sutiyo pamsomali kumbuyo kwawo, n'kuwakankhira pepala ndi cholembera.

"Nanga ichi n'chiyaninso?"

"Simukundikumbuka, aphunzitsi? Benchi yakumbuyo, pafupi ndi zenera. Ndinapeza ansala yolondola, inu n'kundipatsa ziro."

Aphunzitsi anayang'ana pepalalo. "Chifukwa... chifukwa chiyani, mwanawe?"

"Munati ansala yokha simulandira. Lembani njira yonse, ndione kuti simunaonere."