Thobwa la M'ndowa Yofiira

Kutatsala masiku atatu kuti chinkhoswe cha Temwa chichitike ku Area 25 mu 1996, nkhani ya wofulula thobwa inali isanathe: mayi ake, a Mabel, ankati afulula okha, pomwe akuchimuna ankafuna azakhali a mnyamata wokwatirayo, a Vaileti a ku Phalombe okhala ku Chinsapo, amene anatumiza chigubu choti anthu alawe. A Mabel anatuma amuna awo, a Golden, munthu amene anakalambira pa sikelo yoyezera chimanga, kuti akawatungire la a Vaileti.

"Ili ndi thobwa?" anatero a Mabel atangomwako kamodzi, n'kukankhira kapu kutali. "Madzi otsukira mbale awa."

A Golden anasuzumira m'kapumo. "Ndi thobwa. Madzi otsukira mbale ndataya m'mawa."

"Ndinanena ine. Anthu a ku Phalombe thobwa salidziwa. Chimera chosaphuka bwino, shuga wothira ngati mankhwala a m'diso, kununkhanso utsi. Kwathu ku Rumphi mkazi wofulula chonchi amam'bweza kwa makolo ake."

"Ndatunga m'ndowa yofiira ija."

"Yofiira? Yanga ija?"

"Yofiira tili nayo imodzi."

"Tandipatseni kapuyo." Anamwanso, kuliyendetsa m'kamwa, n'kumeza pang'onopang'ono. "Eya. Poyamba paja ndinali nditangodya papaya. Mukanamva mmene likutsetserekera kukhosi. Ili ndi dzanja langa ili."

"Nanga utsi uja?"

"Thobwa lopanda kautsi ndi la anthu aulesi. Kautsi kameneka ndiye ulemu wake."

"Ndiye a Vaileti akondwa akamva."

"Akondwa ndi chiyani?"

"Chigubu chawo chimadontha. Ndakhuthulira m'ndowa yofiirayo."

A Mabel analavulira pabwalo mpaka nkhuku inathawa. "Ndimadabwatu ine. Kumapeto kwakeku likuwawasa ngati bwemba."

"Mwati likutsetsereka."

"Mankhwala a malungo nawonso amatsetsereka, bambo a Temwa. Nanga langa mwalitaya kuti?"

"Sindinataye. Lili momwemo."

"Aa, mwasakaniza?"

"Lanu linalekeza pa mzere wachiwiri wa ndowa. Lawo lakweza mpaka wachinayi. Theka ndi theka."

"Basi, zamveka," anatero a Mabel akugogoda thebulo ndi chala. "Loyamba lija linali lawo, chifukwa lamadzimadzi limayandama pamwamba. Lachiwiri linali langa."

"Kapu ndi imodzi."

"Kapu ili ndi pamwamba ndi pansi."

"Ndatakasa. Munanena nokha chaka cha referendamu kuti wotunga thobwa osatakasa alibe khalidwe."

"Mwatakasa ndowa, simunatakase lilime langa." Anamwanso, n'kutupitsa tsaya limodzi kenako linalo. "Mwaona? Kumanzere kuno ndi Rumphi. Kumanjaku ndi Phalombe."

A Golden anatenga kapuyo, nawonso kutupitsa masaya mosamala ngati akuyeza thumba. "Ine ndikumva thobwa mbali zonse ziwiri."

"Inu mumangomva sikelo. Dikirani mayi ameneyo adzalawe langa, muone mmene adzanyozere. Wansanje uja, lilime lake linafa kalekale."

"Alawa kale. Anabwera inu muli ku mvano."

"Ha. Munawauza kuti ndi la ndani?"

"Sanafunse zimenezo. Anafunsa kuti ndowayi ndi ya ndani. Ndinati ndi yanu."

"Ndiye ananyoza bwanji? Nenani zonse, musabise."

"Anamwa makapu awiri. Anati thobwa lotere sanalawepo chibadwire, lawo silingayandikireko."

A Mabel anakonza duku, n'kukhala mowongoka. "Mayi ameneyo ine ndimamulemekeza. Ndinangomuona tsiku loyamba lomwe kuti uyu ndi munthu wodziwa zinthu. Anthu a ku Phalombe sanama."

"Mwati lilime lawo linafa."

"Ladzuka. Ndiye nkhani yatha, wofulula ndine."

"Yathadi. Anati akawauza akuchimuna lero lomwe. Kubwera anthu mazana atatu, malole awiri ochokera ku Phalombe. Pakufunika migolo inayi."

"Inayi?"

"Inayi. Chimera, ufa, shuga, nkhuni ndi madzi, zonse ndi za wofulula. Iwo akuti msana wawo upumako, adzangobwera kudzavina."

"Madzi a migolo inayi, ndi mpope wathu wotuluka Lachiwiri lokhalokha uwu?"

"Sabata ino sunatuluke. Koma chitsime cha ku dimba chilipo. Ndinawerengera, ndi maulendo makumi anayi a ndowa yofiirayo."

A Mabel anayang'ana ndowa ija, kenako anayang'ana mapazi awo. Anatenga kapu, kumwa lonse mpaka masese, n'kupukuta pakamwa ndi chitenje.

"Bambo a Temwa, valani nsapato mukakwere minibasi ya ku Chinsapo. Mukawauze a Vaileti kuti ndalawa mosakondera. Mbali yokomayo ndi yawo."