Mayi Laurinda, amene sitinawafunse kachiwiri

Malemu anabadwa pa 9 Marso 1956 ku Ntengo-Wambalame, dzina lawo mayi Laurinda Bartolomeu. Ndikuyankhulane ndine mlongo wawo, Osvaldo. Sukulu anayambira konkuno, ndipo mu 1979 anamaliza kurso ya unamwino ku Tete. Mu 1981 anakwatiwa ndi bambo Narciso, amene anatsogola mu 2010. Nkhondo itavuta mu 1986 tinathawira ku Malawi, n'kubwerera mu 1993.

Kuyambira mu 1998, ophunzira zaumoyo ankatumizidwa kwa iwo kuchipatala cha ku Chidzolomondo kukaphunzira kusamala okalamba. Sankalola wophunzira kupita yekha kwa wodwala. Ankawaika atatuatatu, n'kuwatcha ekipa: wina ayeze tensau, ndiye kuti kuthamanga kwa magazi, wina aone mapazi, wina afunse za kadyedwe, kenako akhale pansi auzane zimene aona. Lamulo lawo linali lakuti munthu wamkulu akati "ndili bwino", mufunseninso kachiwiri, chifukwa akulu amachita manyazi kudandaula kwa ana. Inu mwavala zoyera apo, ndikudziwa kuti ambiri anakukaliranipo pa nkhani imeneyi.

Anapuma ntchito mu 2016. Matenda anawayamba mu Junyo chaka chino, tili pakalikiliki wokumba mbatatesi. Apa ndiye sindibisa, abale anga, mtima ukunditsutsa. Mwana wawo Alda anaona kuti mapazi atupa. Mng'ono wake Júlia anaona chakudya chikubwerera m'mbale. Ine ndinapeza mapiritsi a tensau ali pawindo osatsegula. Aliyense anafunsa kamodzi, iwo n'kuyankha kuti ali bwino. Tinaopa kubwereza. Ukanayamba bwanji kuwapanikiza mafunso anamwino amene anaphunzitsa anzawo ambirimbiri? Tinkati ndi ulemu.

Tinali atatu ndithu, ngati ekipa yawo ija, koma sitinakhale pansi. Zonsezi tinadzauzana pa 3 Agosto pakhonde la chipatala ku Tsangano, iwo atatisiya kale. Anamwino amene anawalandira, mayi Ivone, anali wophunzira wawo. Anangotifunsa kuti mapaziwo anayamba liti kutupa. Tinasowa poyang'ana.

Malemu asiya ana awiri, zidzukulu zisanu ndi ine mlongo wawo. Tikuthokoza ampingo, adzukulu okumba manda, amayi ophika, ndi inu ophunzira awo amene mwasenza bokosi. Musanabalalike, akuluakulu amene mwakhala nawo pafupiwo afunseni kachiwiri.

Achemwali, munaphunzitsa ana a eni, ife a m'nyumba mwanu sitinamve. Tikhululukireni. Mzimu wanu uuse mumtendere.