Chipsera Chimene Ndinachipeza Pomasulira Mawu a Mzungu

Abale ndi alongo mwa Ambuye, mtendere ukhale nanu. Ambiri mumaona chipsera chili pamphumi pangachi koma mumachita manyazi kufunsa. Lero ndikuuzani ndekha. Ndinachipeza m'masiku a chitaganya, azungu akulamulirabe dziko lino, nditangoyamba kumene kuphunzitsa Chingerezi pa sukulu ya mishoni kufupi ndi Nsaru, ndipo ndinatsala pang'ono kufa.

Ndinali mnyamata wamtima wapachala, wonyadira tayi wanga, koma m'kati ndinali ndi mantha. Mzungu woyendera masukulu atandimva ndikuphunzitsa anaseka, amvekere lilime langa ndi lolemera. Kumudzi nako ankanditcha mzungu wakuda. Wondisautsa kwambiri anali a Labisoni, msilikali wakale amene anakamenya nkhondo kutsidya la nyanja. Iwo Chingerezi anachitola kwa eniake, ndiye ndikamadutsa ankati changa n'cha m'buku, chopanda mchere. Ndinkadana nawo, sindikubisirani.

Tsiku lina m'dzinja kunabwera mzungu wa zamalimidwe ndi amesinjala ake. Nthawi imeneyo boma linkakakamiza anthu kukumba migula m'minda, wolephera ankamangidwa. Womasulira wa mzunguyo anali atadwala, basi anandiitanitsa ine m'kalasi, choko chili m'manja. Tinakaima m'munda wa a Kamtedza, bambo amene anagona ndi chifuwa chilimwe chonse osakumba migula. Mzunguyo analamula kuti chimanga chizulidwe, mwini munda amangidwe. Ndinamuchonderera m'Chingerezi, mawu akunjenjemera. Ndinati munthuyu wakhala akudwala, ana ake afa ndi njala, ngati n'kukumba ndikumba ine ndi ana a sukulu. Anandikalipira kuti ntchito yanga n'kumasulira basi. Ndiye ndinatembenuka n'kuuza anthu amene anasonkhana pamenepo chigamulo chake m'Chichewa. Amesinjala anayamba kuzula chimanga chofika m'chiuno. A Kamtedza atakakamira phesi limodzi, anawakwapula ndi chikoti mpaka malaya kung'ambika, n'kuwaponya m'galimoto.

Anthu kuchonderera kwanga sanakumve. Chimene anamva ndi mawu oti chimanga chizulidwe, ndipo anatuluka pakamwa panga.

Galimoto isanapite patali, wina anakuwa kuti uyu ndi kapirikoni, wogulitsa abale ake kwa azungu. Ndinaliyatsa liwiro kulowera kusukulu koma anandipeza kudambo. Mpini wa khasu unatera pamphumi apa, ndinagwa chafufumimba. Anandiponda m'nthiti, wina akundikoka ndi tayi uja mpaka kubanika. Magazi anadzaza m'maso, mano ndinawalavulira m'matope. Ndinamva mayi wina akuti tengani udzu timuotche. Ena mwa iwo anali anthu amene ndinkadya nawo mgonero wa Ambuye, ndipo zimenezo zinandipweteka kuposa mpini. Pemphero lalitali panalibe. Ndinangoti mumtima, Yesu, ngati munandiitana pa ntchitoyi ndinu, musandisiye ndifere m'matope ngati galu.

Kenaka munthu anaima pamwamba panga, mwendo uku mwendo uku. Anali a Labisoni, chikwanje chili m'manja. Ndinati basi, wodzandimaliza ndi ameneyu. Koma chibonga chimene chinkabwera pamutu panga anachilandira iwo pamkono. Ndinamva fupa likuthyoka, iwo osasuntha.

"Wofuna mphunzitsiyu ayambe wapha ine," anatero. "Kodi inu Chizungu mumachimva? Ine ndinali pomwepo, ndamva zonse. Mwanayu amachonderera kuti a Kamtedza asamangidwe, mpaka anati migula akumba yekha. Ndani wa inu anatsegula pakamwa pamaso pa mzungu uja?"

Mipini inayamba kutsika, anthu n'kumachoka mmodzimmodzi. A Labisoni anandidzutsa ndi mkono wabwinowo, ndinawayedzamira mpaka kuchipatala cha mishoni.

Ndili chigonere ndinatsimikiza zosiya uphunzitsi, ndipite kumigodi ku Joni kumene palibe ondidziwa. Ndinkati ndine yani ine, azungu akundiseka, abale akundipha? A Labisoni anabwera kudzandiona, mkono uli womanga. Ndinawafunsa chifukwa chimene anandipulumutsira, pamene Chingerezi changa amati n'chopanda mchere.

Anaseka. "Mchere mulibe ndithu, aphunzitsi. Koma ine changa chokomacho kunkhondo ndinkangovomera nacho mabwana. Inu mwakana nacho. Chimenecho ndicho mukaphunzitse mwana wanga."

Nditachira ndinabwerera m'kalasi, wopanda mano, mawu ena akutuluka ndi likhweru, ana n'kumaseka. Sindinachitenso manyazi. A Kamtedza potuluka kundende anapeza migula titakumba ndi ana a sukulu, m'munda titaokamo mbatata.

Abale, ndikuthokoza Mulungu amene sanatume mngelo, koma munthu amene ndinkamuzemba panjira. Inu amene mwangoyamba kumene ntchito, akukusekani uku ndi uku mpaka simukudziwa kuti ndinu yani, musataye mtima, pirirani ndipo pempherani. Amene anakuitanani akumva ngakhale mawu anu onjenjemerawo. Mkono wa a Labisoni unapola mokhota, khasu sanaligwirenso mpaka imfa yawo, koma mwana wawo uja ndinamuphunzitsa, ndipo naye anadzakhala mphunzitsi wa Chingerezi. Ambuye alemekezeke. Amen.