Ndinkayendetsa Ekisikaveta ndi Diso Limodzi

Moni abale ndi alongo nonse amene muwerenge mawu awa, mtendere wa Ambuye ukupezeni kumene muliko. Dzina langa ndine Lameki, ndimakhala ku Area 25 kuno ku Lilongwe, ndipo ntchito yanga ndi yoyendetsa ekisikaveta, chimakina chokumbira chija ambiri amangochitchula kuti katapila. Ndikufuna ndichitire umboni za nthawi imene diso langa lakumanja linasiya kuona, ine n'kumabisa, mpaka ndinatsala pang'ono kupha munthu. Ntchito inandithera, ndinakhala pakhomo miyezi isanu ndi iwiri, koma Mulungu sananditaye.

Ndimagwira ntchito pa mgodi wina wa miyala ya kwale kunja kwa tauni. Anzathu akaphulitsa thanthwe, ine ndimalowa ndi makina n'kumatapa miyala ija kupakira m'matipa. Makina ake si aang'ono ngati aja mumawaona akukumba ngalande m'mbali mwa msewu. Ndikatapa kangapo chabe, tipa yadzaza. Chinthu chotere sichisiyanitsa mwala ndi munthu, n'chifukwa chake ntchitoyi ili ndi malamulo ake. M'mawa usanakwere umazungulira makina onse, kuona oyilo, mapaipi ngati sakudontha, matcheni ndi mano a baketi, kenako kupukuta magalasi. Usanalize injini umayamba waliza hutala, kuti ngati wina wakhala pamthunzi kunsi kwake achoke. Baketi silidutsa pamwamba pa mutu wa tipa pamene pamakhala dalaivala, ngakhale likhale lopanda kanthu. Munthu akalowa pamene mkono wa makina umafika, umaima basi, kaya akhale bwana. Zaka khumi ndi zinayi ndinatsatira zonsezi osakandapo ngakhale penti ya galimoto ya munthu, ndipo ndinkanyadira mbiri imeneyi.

Vuto linayamba pang'onopang'ono. Kalekale kamwala kanandithethekera m'diso lakumanja, linafiira masiku angapo n'kupola, ine n'kuiwala. Patapita zaka ndinayamba kuona ngati galasi lakutsogolo kwa makina lachita fumbi. Ndinkatsika kukalipukuta kawiri katatu pa tsiku, koma fumbilo silinkachoka. Lamulungu lina m'tchalitchi ndinatseka diso lakumanzere ndi dzanja, ndipo abusa paguwa anangosanduka chithunzithunzi choyera. Ndinapita kuchipatala chaching'ono cha kwathu kuno osauza munthu. Anandiuza kuti ndi ng'ala, ndipo pafunika opaleshoni. Anandilembera kalata yopita nayo kuchipatala chachikulu, koma ine ndinaipinda n'kuiika pansi pa sutikesi.

Ndinkaopa zinthu ziwiri. Kuyambira ndili mwana ndinkamva kuti m'diso salowetsamo mpeni, ukalola basi wachita khungu. Chachiwiri, ndinkadziwa kuti kuntchito akamva anditsitsa pa makina tsiku lomwelo. Ndiye ndinasankha kukhala chete. Ngakhale mkazi wanga Nachisale sindinamuuze.

Amene anakwerapo ekisikaveta akudziwa kuti mkono wake uli kudzanja lamanja la woyendetsa, moti mbali imeneyo imabisika kale ngakhale kwa munthu wa maso awiri. Ine tsono ndinali nditataya diso la mbali yomweyo. Ndinayamba kupotoza khosi lonse kuti ndione ndi lakumanzere. Ndinasiyanso kuzindikira bwino kutalika kwa pakati pa baketi ndi tipa, ndinkangoyerekeza potengera chizolowezi. M'mawa uliwonse ndinkapemphera kuti Mulungu anditeteze pantchito, koma mumtima ndikudziwa kuti ndikumupempha kuti andithandize kubisa.

Tsiku lake linali m'mwezi wa Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, nthawi ikuyandikira nkhomaliro. Ndinkapakira tipa ya Che Yusufu, bambo wachikulire wa ku Mangochi amene amakhala ku Area 36, munthu wosalankhulalankhula. Mwala unali utalowa pakati pa matayala awiri akumbuyo kwa tipa yawo. Anatsika, n'kuima kumanja kwanga, n'kukweza dzanja kuti ndiime. Ine ndinali nditatembenukira komweko, ndiye iwo anaganiza kuti ndawaona, n'kugwada kuti achotse mwalawo. Koma sindinawaone. Ndinazungulitsa makina baketi litadzaza, n'kuligunditsa m'mbali mwa tipa. Chimwala chachikulu chinagubuduka kuchoka m'baketi n'kugwera pamene anagwada paja. Iwo atamva kugunda anadziponya kunsi kwa tipa, koma chipewa chawo cholimba chija chinagwa, ndipo mwalawo unachiphwanya n'kukhala phwatalala.

Ndinakhazika baketi pansi, n'kuzimitsa injini. Ndinatsika. Folomani anabwera akuthamanga n'kuyamba kukalipira Che Yusufu kuti anatsikiranji m'galimoto makina akugwira ntchito. Iwo anangosasa fumbi pa buluku n'kunena kuti palibe wavulala. Ine ndinaima pomwepo ndikumva munthu akudzudzulidwa chifukwa cha ine, koma sindinaulule.

Pa nkhomaliro anandipeza nditakhala ndekha kuseri kwa thanki ya madzi. Anakhala pansi pafupi nane.

"A Lameki, ndinakukwezerani dzanja, inu n'kundiyang'ana. Simunandione?"

Ndisanayankhe anafunsanso.

"Diso lakumanjalo linayamba liti?"

Ndinawauza zoona zonse. Anagwedeza mutu n'kunena kuti, "Ine kwa bwana sindikanena, imeneyo ndi nkhani yanu. Koma mawa mukakwera makinawo, tipa yanga sindiimika pansi panu. Ndili ndi ana."

Nditafika kunyumba ndinamuuza Nachisale, n'kutulutsa kalata ija m'sutikesi. Anaiwerenga, n'kuona tsiku limene inalembedwa, n'kundiyang'ana nthawi yaitali. "Ndiye mumafuna ndidzamvere kupolisi?" M'mawa mwake tinagwada limodzi n'kupemphera, kenako ndinapita kuofesi ndisanavale n'komwe ovolosi. Ndinawauza a manejala kuti wolakwa dzulo lija si Che Yusufu koma ine, ndipo ndakhala ndikuyendetsa makina ndi diso limodzi pafupifupi chaka. Sanakalipe. Anandiuza kuti ndikanapha munthu bwenzi tonse tili m'madzi, ndipo sangandisunge. Anati ndikadzachira ndidzawaone, koma ananena ngati mmene anthu amanenera pofuna kuti utuluke.

Ndinkaganiza kuti popeza ndanena zoona, Mulungu andichiritsa msanga. Sizinatero. Mvula inayamba ndili pakhomo, inafika posiya ndili pakhomo pomwepo. Banja lonse linkadalira kaunjika amene Nachisale amagulitsa pamsika wa Nsungwi, ndipo nthawi ya mvula malonda amenewa sayenda. Tiyi wa m'mawa anasanduka wopanda chodyera. M'dera mwathu munamveka mphekesera yoti anandichotsa chifukwa ndinakwera makina nditaledzera, chonsecho ine mowa sindiudziwa. Opaleshoni ndinkaikanabe. Ndinagula mankhwala odonthezera kwa munthu wina woyenda nawo m'chikwama, diso linatupa sabata yathunthu. Ndinasala kudya, abale a mumpingo anabwera kudzandisanjika manja, koma m'mawa uliwonse ndikatseka diso lakumanzere ndinkaona nkhungu yomweija. Nachisale akanena za kuchipatala ndinkamukalipira. Pamapeto pake ndinasiya kupita kutchalitchi. Ndinkakhala pakhonde n'kumamvera magalimoto akuluakulu akudutsa mumsewu wa ku Kanengo, ndipo pemphero langa linatsala limodzi lokha, lodandaula: Ambuye, ndinaulula, kodi malipiro ake ndi amenewa?

Loweruka lina m'mawa m'mwezi wa Meyi ndinamva odi pageti. Anali Che Yusufu. Kuyambira tsiku la ngozi lija ndinali ndisanawaonenso, ndipo ndinachita manyazi moti ndinalakalaka kubisala. Anandiuza kuti kampani inawatumiza kukatuta miyala kuboma lina, ndipo atabwerera n'kufunsa za ine anamva kuti ndidakali pakhomo. Nyumba yathu anachita kufunsira kwa azimayi a kaunjika kumsika. Nachisale anawapatsa mpando ndi kapu ya thobwa. Atamwa anasendeza mpando pafupi nane, n'kukoka chikope cha diso lawo lakumanja ndi chala.

"Tayang'anani ndi labwinolo. Mukuonapo chiyani?"

"Diso basi," ndinayankha.

"Limeneli analichita opaleshoni zaka zisanu zapitazo. Inali ng'ala ngati yanuyo. Lero ndi limene ndimayang'anira pagalasi ndikamabwerera m'mbuyo."

Kenako ananena mawu amene sindinawayembekezere. "A Lameki, ine ndinakuonani kale mukupotoza khosi ngozi ija isanachitike. Ndinadziwa, chifukwa nanenso ndinkatero. Koma ndinati si zanga. Ndiye mlandu uja tili nawo awiri. Lachiwiri ndapempha tchuthi, tipitira limodzi."

Abale anga, miyezi yonse ija anthu ambiri anandiuza kuti ndipite kuchipatala, ndipo ndinkawayankha mumtima kuti diso si lawo. Koma uyu anali atagonapo pabedi limene ndinkaliopalo, ndipo analinso munthu amene anali ndi chifukwa chonse chondida. Ndinalibenso pothawira. Ndinavomera.

Lachiwiri tinakwera minibasi tonse atatu, ine, Nachisale ndi Che Yusufu, kupita kuchipatala china cha mishoni kumene kuli madokotala a maso. Che Yusufu ankadziwa khomo lililonse, pokhala pamzere ndi pokapereka kalata. Atandiyeza anati ng'alayo yakhwima koma mkati mwa diso muli bwino, n'kundigoneka kuti andichite opaleshoni mawa lake. Che Yusufu anabwerera madzulo omwewo chifukwa cha ntchito. Potsanzikana anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Musaope, amangobaya jakisoni, mumamva zonse akulankhula." Zinalidi choncho. Sanandigonetse tulo, sindinamve ululu umene ndinkauganizira, ndipo ndisanamalize n'komwe kupemphera mumtima anandiuza kuti atha. Chinthu chimene ndinachithawa pafupifupi zaka ziwiri chinatenga nthawi yochepa kuposa imene ndimatenga poyendera makina m'mawa.

Tsiku lotsatira nesi anamatula bandeji. Poyamba kuwala kunandilasa, misozi n'kutuluka. Kenako ndinatseka diso lakumanzere mwadala. Ndinaona Nachisale ataima kumiyendo kwa bedi, atagwira pakamwa, ndipo ndinatha kuwerenga timaluwa ta pachitenje chake. Ndinaonanso mmene anaondera pa miyezi imeneyo, zimene ndili pakhomo sindinazilabadire. Ndinalira pamaso pa odwala anzanga onse, ndipo ndinamupepesa pomwepo.

Anandiletsa kukhala pafumbi kwa milungu ingapo, anandipatsa mankhwala odonthezera, kenako magalasi. Dokotala atakhutira anandilembera kalata yoti ndikuona bwino ndi maso onse awiri. Ndinapita nayo kwa a manejala ndilibe chiyembekezo chachikulu, chifukwa makina anga anali atapatsidwa kale munthu wina. Anaiwerenga kawiri. Anati akhala pantchitoyi zaka zambiri, koma anali asanaonepo munthu akubwera yekha kudzadzinenera mlandu umene unali utagwera kale wina. Anandiika kaye pa makina aang'ono osonkhanitsa miyala yogayidwa kale, kumene kulibe anthu ambiri, folomani akundiyang'anira. Sindinadandaule, ndinkadziwa kuti chikhulupiriro ndinachiwononga ndekha. Patatha miyezi iwiri anagula ekisikaveta ina yaikulu n'kundipatsa makiyi. Kuchokera pa nkhani yangayi kampani inayamba kuyezetsa maso onse oyendetsa makina ndi matipa, ndipo anzanga ena amene ankadziyesa abwinobwino lero akuvala magalasi.

Ndikuthokoza Mulungu amene anasunga moyo wa Che Yusufu tsiku lija, chifukwa zikanapita kwina bwenzi lero ndili kundende ndi magazi a munthu m'manja. Ndikuthokoza Nachisale amene anasenza banja ine ndikumukalipira. Ndikuthokozanso Che Yusufu, amene mpaka lero ndikawathokoza amangoti, "Zonse ndi Mulungu," n'kusintha nkhani.

Anzanga oyendetsa makina, magalimoto ngakhale njinga zamoto, ngati thupi lanu lili ndi vuto limene mukulidziwa nokha, musadikire kuti lidziwike ndi maliro a munthu wina. Kuulula kunandidyera ntchito ndi miyezi isanu ndi iwiri, koma ntchito inabwerera, pamene munthu akafa sabwerera. Ndipo inu amene munachita chilungamo koma zinthu zikuoneka ngati zaipiraipira, musaleke kupemphera monga ndinalekera ine. Ndinkafuna kuti ndidzangodzuka m'mawa ndikuona, osadutsa pamene ndinkaopa. Mulungu sanandilambalalitse pamenepo, koma ananditumizira wondiperekeza, munthu wa chipembedzo china, amene ine ndinatsala pang'ono kusiya ana ake amasiye. Wanu akadzagogoda pageti, musadzabisale. Ambuye akusungeni nonse. Ameni.