Pepala limene linatsala pang'ono kumangitsa a Chisale

Abale ndi alongo anga mwa Ambuye, landirani moni wanga nonse. Vuto limene ndikuuzeni lero silinali matenda kapena njala. Linali manyazi, ndipo ndinadziputira ndekha.

Kunali kumapeto kwa nthawi ya chipani chimodzi. Ndinali kalaliki pa parishi ina kumapiri a Dedza, kumene tinkasunga mbewu ya nyemba yogawira mabanja mvula ikayandikira. Wosunga makiyi a nyumba ya mbewuyo anali a Chisale, bambo wachikulire wosalankhulalankhula. Chaka china abwenzi akunja anatitumizira kompyuta, ndipo ine ndinatumidwa ku Lilongwe kukaphunzira kulemba mapulogalamu. Milungu itatu yokha, koma ndinabwerako mapewa ali m'mwamba! Paja ndadziwa kale adamanga nyumba yopanda khomo.

Tisanagawe mbewu tinkayamba taiyesa. A Chisale ankatapa nyemba makumi asanu pa thumba lililonse, kuzifesa mumchenga wonyowa, n'kundipatsa chiwerengero cha zomera. Ine ndinalemba pulogalamu yoti izisandutsa manambalawo kukhala maperesenti. Zikamera 47 pa 50, makina amapeza 0.94, ndipo kuti ikhale peresenti uyenera kuichulukitsa kaye ndi 100. Apa m'pamene ndinaiwala. Ndinangouza makina kuti aikankhire ku nambala yathunthu yapafupi, n'kumata chizindikiro cha peresenti kumapeto. Basi 0.94 inasanduka 1%. Thumba lililonse, 1%. Ndinasindikiza, ndinadinda chidindo, n'kukapereka ku komiti ya parishi osaganiza n'komwe.

Pamsonkhano panabuka moto. Ena anati a Chisale aoletsa mbewu, ena anati agulitsa yabwino n'kuthiramo yofumbwa. Wapampando wa chipani m'deralo anati munthu wotere ndi wosokoneza chitukuko, ndipo masiku amenewo mawu otere ankatha kumutengetsa munthu osabwerera. A Chisale anati, "Mbewu ili bwino, ndinawerenga ndekha." Ine, pakamwa panga pomwepa, ndinayankha kuti, "Makina sanama, bambo." A komiti anawalanda makiyi, n'kugwirizana kuti Loweruka akapereke a Chisale kupolisi.

Lachinayi ndinatsegula pulogalamu ija ndipo ndinachiona cholakwa changa. Kukonza sikunatenge ndi mphindi yomwe, ndipo pepala latsopano linatuluka ndi 94%, 90%, 96%. Mukudziwa chimene ndinachita? Ndinalipinda n'kulibisa m'thumba la jekete. Ndinaopa kusekedwa, ndinaopanso kuti mlandu uja ugwera ine. Masana ndinalowa m'tchalitchi n'kugwada, koma pemphero lake ndimachita nalo manyazi mpaka lero. Sindinapemphe kulimba mtima ayi. Ndinapempha kuti nkhaniyo ingozizira yokha.

Mulungu sanayankhe momwe ndinkafunira. Lachisanu m'mawa kunabwera a Nabanda, akazi awo a Chisale, atasenza lichero la mchenga, nyemba zili biriwiri. Analitula patebulo panga, pafupi ndi kompyuta.

"A kalaliki, izi n'zimene bambo anafesa za thumba loyamba. Ine sukulu sindinapite. Ndiwerengereni, mwina maso angawa ndi amene akunama."

Sanandikalipire. Ndinawerenga, ndipo zinakwana 47. Kenako anati, "Bambo sakudya chiyambire tsiku lija. Koma akuti tisakudandauleni, inu ndinu mwana wabwino, olakwa ndi makinawo."

Abale, bola akanandimenya mbama. Munthu amene ndinali kumukankhira kundende anali kundiikira kumbuyo kunyumba kwake! Ndinalira ngati mwana pamaso pa mayi aja, ndipo ndinatulutsa pepala lija m'jekete.

Loweruka ndinaimirira pamaso pa komiti yonse. Ndinati mbewu ndi yabwino, a Chisale sanalakwe, makinanso sanalakwe, wolakwa ndine amene ndinaiwala kuchulukitsa ndi 100. Ndinaululanso kuti ndinadziwa kuyambira Lachinayi n'kukhala chete. Kenako wina anaphulika kuseka, ndipo dzina loti Wani Peresenti linandimatirira zaka zambiri. Wapampando uja anangopukusa mutu n'kutuluka.

Atawabwezera makiyi, ndinagwada pamaso pa a Chisale kuti ndipepese. Iwo anandigwira dzanja n'kundidzutsa.

"Dzukani, mwana wanga, mukudetsa buluku. Tengani mbale iyo tiyambe kugawa, mitambo yayamba kale kuda."

Tinagawa mbewu tsiku lomwelo, ine ndikutapa, iwo akugwira thumba.

Ndikuthokoza Mulungu amene anakana pemphero langa lamantha n'kunditumizira a Nabanda. Ngati nanunso muli ndi choona chimene mwachibisa, ndipo wina akuvutika chifukwa cha chete wanu, limbani mtima, musadikire mawa. Ine ndinadikira masiku awiri, ndipo masiku awiriwo a Chisale anagona ndi njala. Ambuye akhale nanu nonse.