Mipando Yobwereka Idandimanitsa Basale

Zikomo aulutsi, ndiwerengereniko nkhani yangayi. Ndine mtsikana wa ku Nkhudzi. Bambo adamwalira ndili wamng'ono, ndipo amayi amatilera ndi ganyu yoyanika usipa wa eni.

Nditasankhidwa kupita kusekondale yogonera konko, tidamva kuti kubwera anthu odzaona ana ovutika oti boma liziwalipirira fizi, ija timati basale. Amayi adatekeseka. "Alendo aboma adzakhale pachiguduli? Ine manyazi amenewo ayi!"

Adathamangira kwa anansi athu omwe mwana wawo ali ku Joni, nakabwereka mipando yawofowofo, kapeti ndi makapu agalasi. Anansiwo, mwa chifundo chawo, adawonjezerapo mpunga ndi chambo.

Alendo adafika, adadya, uku akumwazamwaza maso m'nyumba. Mmodzi adati, "Mayi, pano ndiye zikuyendatu." Amayi adamwetulira, nati, "Alhamdulillah, bambo." Ankaona ngati awayamikira.

Basale idapita kwa ena. Chaka chonse ndidakhala pakhomo, ndikuyanika nawo usipa. Sindidawakwiyire amayi. Ndikadakwiya bwanji, poti ndinkawaona akulephera kumeza chakudya akaona anzanga atavala yunifolomu?

Chaka chotsatira alendo adabweranso. Amayi adawayalira chiguduli chija, nakhala potero atazolika. Ulendo uno basale ndidaipeza ndipo lero ndili pasukulu, koma nkhope ya amayi ya tsiku limenelo imandiwawabe.

Inu oyendera m'makomo, kwathu kuno mlendo sitimuonetsa umphawi. Chonde, musanaweruze, muzifunsako kuti mpando mwakhalirawo ndi wa ndani.