Kamakina Kanalira Nditalowa

Pa siteji ya minibasi ku Phalombe, Mayi Belita a ku Michesi ankadikira galimoto, amuna awo atakhala pambali ali chitsinzinire. Mayi wina wa mpango woyera anasendera kuti bambowo apeze mthunzi.

"Agona bambowa?"

"Ayi, mayi, ali pa ntchito. Ndinkapeta nandolo pamene anthu anadzandiuza kuti agwa kumunda. Sitiroko. Dzanja lamanjali linangofumbata mpaka lero."

"Pepani. Nanga ntchito yake iti, munthu atatsinzina?"

"Adokotala anati azipuma pang'onopang'ono, amasule thupi lonse, aziona m'maganizo zala zikutambasuka. Kuchipatala amawamata pamkono timawaya tolumikizidwa ku kamakina kena. Minofu ikakungika, kamakina kamalira. Akadekha, kamakhala chete."

"Ndiye zikuthandiza?"

"Chala chimodzi chayamba kugwedezeka. Ine sindifuna zambiri. Angogwiranso buleki basi, azindikweza pa njinga popita kutchalitchi ngati kale."

"Mulungu ndi wamkulu, mudzakwera."

"Koma ine ndinkayesa ulesi. Ndikawapeza atatsinzina ndinkawakalipira, n'kuwafumbatitsa mpini wa khasu. Ulendo wathawu, kamakina kanali zii. Nditangolowa ine n'kunena kuti, 'Limbikanitu,' kanalira ngati mwanapiye."

"Ee, kanakunenezani!"

"Pamaso pa adokotala, mayi. Eni akewa chaka chonsechi sanadandaulepo."

Mayi Belita anatembenuka, n'kulandira dzanja lofumbatalo m'manja mwawo, osalikoka. Anayankhula motsitsa mawu, koma onse pa benchipo anamva.

"Bambo a Aliness, musatsegule maso, pitirizani. Koma mundikhululukire."